Diresi la Chipani Likundiwenga

Lolemba, mwezi wa Okutobala

Madiresi afika! Obiriwira biriwiri, onunkhira sitolo, olimba ngati katoni. Lililonse ndi duku lake. Nkhope ya Mtsogoleri wathu ili pachifuwa, ina kumsana, ina yagwera pokhalira penipeni. Telala ameneyu alibe mantha.

Ndilembe bwino chimene ndikuvinira, ndingaiwale. Msika watsopano wa malata watha kumangidwa. Loweruka akubwera Bwana Gavanala kudzautsegula. Matebulo a simenti alimo ochepa, ogulitsa tilipo ambiri. Ba Cheyaledi, amene amayendetsa amayi a Chipani pamsika pano, sanabise mawu: "Matebulo nizapasa bamene bazavina. Osavina, bankale kumtengo."

Kumtengoko ndi kwa ine. Zaka zisanu ndi zinayi pansi pa mkuyu wa m'mbali mwa msewu, ine ndi tomato wanga. Fumbi la mabasi a ku Chipata. Mbalame zonyera pa anyezi. Ndipo dzinja lathali mvula inandinyowetsa mpaka chibayo, milungu itatu chigonere. Amuna anga, atate ake Tisa, anavomera okha pambuyo pake kuti anali atayamba kuganiza za matabwa a bokosi la maliro. Chaka chino ayi. Chaka chino mvula indipeze pansi pa malata.

Pulani yanga:

1. Kuvina kutsogolo, osati kumbuyo kwa amake Esnati, mnansi wanga wa pamsika, amene amaphimba anthu atatu akaima.
2. Kuyambitsa nyimbo. Mawu ndili nawo, masisitere a ku Kasisi anandiphunzitsa kutsegula kukamwa.
3. Kuseka nthabwala za Ba Cheyaledi. Zonse.
4. Tebulo la pakona, loyang'ana kumsewu, pamene mabasi amaima.

Malamulo a diresi ndi awiri. Kulivala pa pulakatisi iliyonse, ndiponso osalichapa mpaka Loweruka litadutsa. Ba Cheyaledi akuti: "Mukachapa kala izachoka, muzaoneka monga ba chipani china." Chipani china chiti? Chilipo chimodzi dziko lonse. Ndaseka ndithu, malinga ndi nambala 3.

Ndalivala kuyambira masana. Ndayenda nalo mpaka kuchigayo, chimanga ndilibe. Atate ake Tisa akuti ndaoneka ngati mkazi wa nduna, ndipo ine sindinatsutse.

Madzulo kakuyabwa pang'ono pakhosi. Ndi kutentha kwa Okutobala basi.

Lachiwiri

Pulakatisi pabwalo la kuseri kwa msika, kuyambira naini koloko mpaka dzuwa pamutu. Thukuta kamukamu. Thukuta lake lobiriwira! Ndapukuta m'khosi ndi kansalu koyera, kasintha mtundu.

Nyimbo yachiwiri isanathe, moto. M'khosi, m'khwapa, m'chiuno momwe diresi lathina, pachipumi pomwe duku lagwira. Kukanda pagulu sindingathe, ndine mayi wa ulemu wake. Ndiye ndikugwedeza mapewa kuti nsalu indikande yokha. Ndikupotokola chiuno. Ndikukhuza zigongono m'nthiti, uku nyimbo ili pakamwa.

Ng'oma yaima. Mtima wanga phaa, ndati basi andigwira.

Ba Cheyaledi: "Imwe bonse, onani uyu mwamene avinira! Uyu ndiye akonda Chipani. Bwelani kuno kusogolo!"

Kutsogolo! Tsiku lachiwiri lokha, nambala 1 yatheka. Tsopano gulu lonse likuphunzira kavinidwe kanga, zigongono m'nthiti ndi zonse. Amake Esnati akundiyang'ana ngati ndawabera mbuzi.

Kunyumba ndavula, ndadziyang'ana pa kagalasi kometera ndevu ka atate ake Tisa. Mayo ine! Tiziphuphu tofiira, tothinana, totentha.

Amene ndikuwakayikira:

- nsikidzi
- utitiri wa nkhuku yofungatira ija ya kukhitchini
- kapenta amene tinadya dzulo, anali ndi kafungo
- sopo wodula ndi mpeni amene ndinamuimira pamzere tsiku lathunthu. Sachita thovu. Ndani akudziwa kuti anamupangira anthu kapena matayala?
- chitedze (koma m'tchire ndadutsamo liti?)
- amake Esnati

Kapenta ndamuleka. Sopo ndamubisa pamwamba pa kabati. Nkhuku ndaisamutsira kunja ndi mazira ake, yandijompha kawiri, ndipo ili ndi chifukwa.

Ndikukanda ndi chitsononkho. Kukoma kwake! Munthu ungagulitse munda. Ukangosiya, moto ukubwerera ndi abale ake.

Lachitatu

M'mawa. Atate ake Tisa atulutsa bedi ndi matiresi pabwalo, akuthira madzi owira m'makona monse. Oyandikana nawo aima m'mipanda mwawo kuonerera. Manyazi!

Zimene tapeza:

- kolona yanga imene inasowa nthawi ya Pasaka
- sokosi imodzi
- chipeso chopanda mano
- nsikidzi, ngakhale imodzi ayi

Atate ake Tisa akuti: "Bedi ndi limodzi, ine osalumidwa ngakhale pamodzi. Nsikidzi zake zosankha chonchi zinaphunzira kuti?"

Kumsika. Mayi wina wotsika basi wanyamula tomato wanga wabwino kwambiri, wandiyang'ana m'khosi, wamubweza pang'onopang'ono. "Ni mphele?" Wakagula kwa amake Esnati. Mphere ine! Ine wosamba kawiri patsiku ngakhale sopo atasowa dziko lonse!

Malangizo aulere amene ndalandira lero:

- phulusa lonyowa
- mafuta a mabuleki (kondakitala wa basi, akuti amachiza chilichonse)
- kuleka mazira
- kuleka mkwiyo
- sing'anga wina wa ku Nkomeshya. Awa ndi malangizo a amake Esnati. Munthu atakulodza angakulozerenso kwa sing'anga? Kapena ndiyo njira yake yobisalira? Mutu wanga wazungulira.

Phulusa ndayesa. Ndafuula mpaka galu wa eni wathawa.

Masana pulakatisi, maola awiri. Ndavina ngati wogwidwa ndi mizimu. Ba Cheyaledi andipatsa nyimbo yolonjera Gavanala kuti ndidzayambitse ndine. Nambala 2 yatheka. Ndimayenera kukondwa, koma m'khwapa mwatuluka timatuza ndipo zikope zayamba kulemera. Walira mvula walira matope.

Madzulo, dzuwa lisanalowe. Atate ake Tisa akundipaka mafuta kumsana. Aima. Akuyendetsa chala kuzungulira khosi langa, kutsika paphewa, mpaka pamkono.

"Zikuthera pomwe pathera mkono wa diresi," akutero. "Kumunsi kuno kuli bwinobwino. Ndi pachipumi, mzere wa duku."

Adzuka, atseka windo, chifukwa nyumba ya kuseri ndi ya wapampando wa sekishoni ya Chipani. Abwerera, akutsekera botolo la mafuta. "Ine sindinanene kanthu."

Ndikudziwa. Ndinadziwa dzulo lomwe, pamene kansalu kaja kanabiriwira. Pa mndandanda ndinalemba kapenta, ndinalemba nkhuku yosalakwa, ndinalemba mnzanga amene anandinyamulira tomato milungu itatu yonse ija ndili chigonere. Koma ichi chokha dzanja linakana kulemba. Ngakhale m'kope langa lomwe, limene ndimabisa pansi pa thumba la nyemba.

Ndiye ndilembe tsopano. Ndi diresi.

Lachinayi

Ndatuma uthenga kwa Ba Cheyaledi kuti mutu wandigwira. Ndapita kukiliniki nditavala chitenje changa chakale, chofewa, chotha maluwa. Mzere mpaka pakhonde. Aliyense wandisiyira malo ambiri pabenchi, sindinakhalepo momasuka chonchi.

Ba Dokota si dokotala weniweni, koma ndi amene tili naye, ndipo maso ali nawo. Angoyang'ana khosi, mikono, chipumi. Afunsa ngati ndavala chovala chatsopano. Ndati eya. Afunsa ngati nsalu ina inandichitapo chonchi kale. Ndakumbukira! Duku lobiriwira la pa ukwati wa mng'ono wanga. Chipumi chinandiyabwa sabata yonse, ine n'kumanamizira mafuta a tsitsi.

Akuti basi, ndi pomwepo thupi linaudziwa utoto umenewu, ndipo thupi siliiwala.

Andifotokozera bwino, ndilembe ndisanasokoneze. M'thupi muli asilikali olondera matenda. Ntchito yawo ndi yabwino, popanda iwo chibayo chija chikanandimaliza. Koma anthu ena asilikali awo ndi okangalika mopitirira. Aona chinthu chosalakwa, kaya utoto, kaya mungu wa udzu, kaya nsomba, n'kuchiyesa mdani. Ayamba nkhondo. Mdani palibe, ndiye chowonongeka ndi mudzi wawo womwe, khungu langali. Ndipo ukabwerezanso amabwera ambiri, mofulumira, aukali kuposa kale. Thukuta limasungunula utoto, n'chifukwa chake m'khwapa ndi m'chiuno mwanyanya.

Mawu awo enieni: "Si mphele, mama. Si nsikizi, si mfiti. Nsalu yakuwengani chabe. Lekani kuvala, izasila."

Ndafunsa chifukwa chake amake Esnati sakuyabwidwa, diresi ndi lomwelo. Akuti thupi lililonse ndi zake. Ndafunsa ngati kuchapa kungathandize. Akuti mwina pang'ono, mwina ayi.

Ndiye afunsa kuti chovalacho ndi chotani. Ndawauza. Cholembera chaima m'mwamba. Ayang'ana kuchitseko. Pakhadi langa alemba mawu amodzi okha, nsalu.

Ndawapempha kalata yopita kwa Ba Cheyaledi. Ayankha motsitsa mawu: "Nilembe kuti chani, mama? Kuti thupi yanu yakana diresi ya Chipani, na sitampa yanga pansi? Nili na bana."

Ndatuluka ndi botolo la mankhwala apinki opaka, ndi timapilisi tachikasu. Kamodzi patsiku, akuti timagonetsa.

Pobwerera ndadutsa pageti la msika. Anyamata a Chipani ali pomwepo monga mwa masiku onse, akufunsa makhadi a umembala. Abweza nkhalamba ina yogulitsa mphasa, imene inawaona onsewo akukwawa, chifukwa yaiwala khadi m'malaya ena. Mbala zenizeni sanagwirepo. Ndaima pang'ono, ndikuwayang'ana, uku ndikukanda. Zimene ndaganiza sindilemba.

China chimene chandivuta njira yonse ndi mng'ono wanga. Kuyambira ali mwana sadya inswa, amati zimamutupitsa. Ife tinkamuseka kuti ndi matama, akufuna kukhala mzungu. Tsiku lina ndinazisinja n'kumubisira m'ndiwo kuti ndimugwire bodza. Milomo inatupa, maso anatsekeka, anayamba kupuma molira ngati mwana wa mbuzi. Amayi anathamanga naye kumbuyo mpaka kumishoni. Sindinaulule mpaka lero. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma si chifukwa. Iye ankanena zoona tsiku lililonse, ndipo palibe anamukhulupirira chifukwa ena tonse tinkadya n'kukhuta. Lero ndamumvetsa, ndipo mtima ukundipweteka kuposa khungu. Ndimulembera kalata ku Petauke.

Ndadzipaka pinki thupi lonse. Atate ake Tisa polowa abwerera m'mbuyo, akuti amayesa alakwitsa nyumba.

Lachisanu

Tsiku limodzi lokha osavala diresi, moto wachepa. Umboni wina ndikuufuniranji?

Pulakatisi yomaliza ndapita ndi chitenje chakale, khosi nditakulunga mpango, kutentha konseku. Ba Cheyaledi: "Diresi ili kuti?" Ndati ndasunga kuti lisade. Andiyang'ana nthawi yaitali. Kuvina kwanga lero kozizira, poti sikukuyabwa kwambiri. Akuti: "Mwaiwala sitepu yanu? Mailo pamaso pa Ba Gavanala nifuna moto uja." Moto uja! Akanadziwa kumene umachokera.

Atate ake Tisa akuti ndingowauza zoona, iwonso ndi munthu. Amuna! Iwo amalima, chimanga sichifunsa khadi. Komabe ndayeserera kukhitchini, pamaso pa mphika:

- "Ba Cheyaledi, diresi likundiwenga." Adzati, diresi la ndani?
- "Khungu langa silikugwirizana nalo." Adzati, amayi onsewa alibe khungu?
- "Ba Dokota andiletsa." Ndiye ndawaika munthu wa ana m'mavuto.
- Kungowaonetsa m'khwapa. Adzati mphere, n'kundichotsa pa zakudya mpaka kalekale.

Palibe yotuluka bwino. Pofika madzulo nkhani ingakhale itafika kuboma kuti mayi wa tomato uja ngakhale thupi lake ndi loukira.

Njira yachiwiri, kusokera nsalu ina m'kati. Ndapita kwa telala. Ali ndi madiresi asanu ofuna kukulitsa, ndipo pakamwa pake ndi wailesi. Afunsa kuti m'kati mukufuniranji nsalu nyengo yotentha ino? Ndati ndimangodutsa.

Njira yachitatu. Mulungu andikhululukire. Ndatsitsa sopo uja pakabati, ndalowetsa beseni m'nyumba, ndatseka chitseko. Ndati ndingotsukuluza pang'ono, utoto wa pamwamba wokha uchoke.

Madzi oyamba, biriwiri.
Achiwiri, biriwiri.
Achitatu, ndayamba Tikuoneni Maria.

Sopo amene sanachitepo thovu chibadwire, lero wagwira ntchito ya chaka chonse. Diresi latuwa ngati masamba a kabichi a kunja. Mtsogoleri wa pachifuwa wayera mbuu, wa kumsana watsala magalasi okha a maso ndi tsitsi, koma wa pokhalira ali bwinobwino, akumwetulira. Manja anga obiriwira mpaka m'zigongono, ndipo ayamba kale kuyabwa.

Madzi ndakataya kuchimbudzi, kuti nkhuku zingaulule. Diresi ndayanika m'chipinda, pa chingwe cha neti.

Atate ake Tisa aliyang'ana, avula chipewa ngati pamaliro. "Mwina akaima patali sadzaona."

Ine ndikuima kutsogolo, bambo inu. Kutsogolo!

Kumwera kwayamba kuunjikana mitambo. Mvula sinagwe, koma yayamba kutiyendera.

Loweruka

Zovala za lero, kuyambira m'kati: pinki, shati la manja aatali la atate ake Tisa, kansalu koyera pachipumi, kenako diresi ndi duku. Mapilisi ndamwa awiri m'malo mwa limodzi. Ndati tsiku ndi lalikulu.

Seveni koloko tili pamsika. Amayi onse biriwiri, mzere wowongoka, kukongola kwake! Pakati pawo ine, wotuwa, makolala a mwamuna atatulukira m'khosi, nkhope yapinki, zikope zotupa.

Ba Cheyaledi andizungulira kamodzi. Aima kumsana. Azunguliranso.

"Mwachapa."

Ndati fumbi linagwerapo.

"Mwachapa ba Mtsogoleri mpaka basila! Na shati ya bamuna mukati! Mufuna Ba Gavanala baziti pano tili na bamisala?"

Apa ndi pomwe ndikanalankhula. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Amayi onse maso pa ine, anyamata a pageti asendera pafupi kudzamva. Chimene chatuluka ndi chakuti pepani.

Nyimbo yolonjera apatsa amake Esnati. Ine andipatsa ntchito yolondera nsapato ndi zikwama za ovina. Malo ake? Pansi pa mkuyu wanga womwe.

Naini koloko, Gavanala sanafike.
Leveni koloko, akuti wanyamuka.
Wani koloko, akuti wanyamukadi.

Shati lanyowa, utoto wotsala wadutsa, asilikali anga aupeza. Akugwira ntchito mokhulupirika m'khwapa ndi m'chiuno. Kuvula sindingathe, kukanda mphamvu zatha. Maso akulemera. Ndati nditsamire pang'ono pa chikwama cha Ba Cheyaledi, chofewa bwino.

Chondidzutsa ndi nthungululu. Dzuwa lapendeka. Galimoto zakuda zikukhotera kale kumsewu wa ku Lusaka, fumbi lokhalokha. Gavanala wabwera, wadula riboni, wapita. Nkhope yake sindinaione. Pa ine pafunditsidwa chitenje cha amake Esnati.

Ndayenda mwaulesi mpaka kumalata. Ba Cheyaledi aima pa tebulo, akuwerenga mayina papepala. Ndaima kumbuyo, nsapato za eni zili m'manja. Dzina lililonse nthungululu. Ndamvetsera mpaka pepala lapindidwa. Ndadikirabe pang'ono, mwina kuseri kwa pepala kuli ena.

Tebulo la pakona lapita kwa amake Esnati.

Abwera okha kudzatenga nsapato zawo. Akuti: "Ninakuushani katatu, mwana wa amai. Munali chabe kuyankha ati ameni." Akuti sitepu yanga Gavanala waikonda kwambiri, mpaka anaombera m'manja. Sakundinyoza ayi, maso awo ali ndi chisoni chenicheni. Zikanakhala bwino akanandinyoza, ndikanapeza wokwiyira.

Kunyumba ndavula zonse pakhomo penipeni pa chipinda, ndakhala m'beseni la madzi ozizira, ndalira. Osati misozi ya ulemu. Kulira kwa pakamwa yasa.

Lamulungu

Misa yoyamba, benchi la kumbuyo. Khungu layamba kuuma, likusupuka ngati mbatata yowotcha. Kalata ya mng'ono wanga ndalemba, ya masamba awiri. Za inswa zili pa tsamba lachiwiri, pansi penipeni, koma zilipo.

Masana odi pakhomo. Ba Cheyaledi! Okha, opanda wonyamula chikwama. Atate ake Tisa akumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinamwe.

Ndawapatsa mpando. Takambirana za kutentha, za ulaliki, za kusowa kwa mafuta ophikira m'masitolo. Avala bulauzi yotseka mpaka kuchibwano, ya manja aatali, dzuwa lonseli. Akulankhula uku akugwedeza mapewa. Kenako chigongono chapita m'nthiti, pang'onopang'ono, ngati palibe akuona.

Sitepu imeneyo ndikuidziwa. Ndinaiyambitsa ndine.

Akuti: "Ija mankwala yanu ya pinki, ikaliko? Ni mwana wa mulongo wanga, ali na tuma vilonda."

Ndafunsa kuti tili pati.

"Mu mukosi. Na mu kwapa." Ayang'ana kudenga. "Na apa pa chipumi."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kuwagwira dzanja, ndinafuna kufuula kuti mayi inu, tonse awiri tikudziwa! Tikanangonena, mwina pagulu paja alipo ena atatu akukanda m'nyumba zawo mawindo atatseka. Koma ayi. Ndatenga kabotolo kopanda kanthu, ndagawa pakati. Ndawauza kuti mwanayo asavale zothina, asatuluke thukuta, ndipo mapilisi achikasu asamwe awiri. Akuti adzamuuza.

Pachitseko atembenuka. Akuti matebulo awiri a kumapeto, pafupi ndi ngalande, sanagawidwe. Mwezi wamawa kukubwera bwana wina wochokera ku Lusaka kudzaona msika, kudzakhalanso kuvina. Diresi lina latsala kwa telala, latsopano, losachapa. "Mukavala bwino, mukavina monga pa Chibili paja, tizaona."

Ndimayembekeza kuti pakamwa panga pakana. Khungu langa lakana sabata yonse, poyera, osaopa munthu, ndipo ndalipaka pinki kuti likhale chete. Ine mwini wake ndamva mawu anga akuti zikomo kwambiri, Ba Cheyaledi, ndidzalitenga Lachitatu.

Apita akukanda.

Madzulo ano kwagunda kawiri cha ku Chalimbana, mphepo ikununkhira dothi. Ndasoka pulasitiki yofunditsa tomato pomwe inang'ambika chaka chatha. Atate ake Tisa andifunsa ngati ndidzavaladi. Ndawauza kuti asatseke botolo mwamphamvu, mankhwala otsalawo ndiwafuna.